Mwana akayamba kuyankhula Chijapani musathamangire kwa sing'anga

Zina ukamva kamba anga mwala, abale. Mayi anga, omwe amagulitsa tomato ndi anyezi pamsika wa Chinsapo, adandiitanitsa mwamsangamsanga tsiku lina ati ndikaone mphwanga, mutu wake wayamba kusokonekera. Ati usiku akumamumva akuyankhula yekha kuchipinda, zoyankhula zake zosamveka, pena kuseka chikhakhali, pena kubwereza liwu limodzimodzilo ngati wagwidwa ndi mizimu. Anzawo a pamsika anali atawapatsa kale nzeru. Ena ati chimenecho n'chamba. Ena ati amulodza poti sukulu ikumuyendera bwino. Mayi wina wogulitsa usipa adafika powalozera kwa sing'anga wina wa ku Mgona.

Nditafika ndidampeza mnyamatayo, wa Fomu 3, ali pakhonde maso ali pa kafoni kake kosweka galasi. M'kafonimo munali kamtsikana kojambula, ka makutu a kalulu, makaroti awiri atasomekedwa m'mangongo ake, kakusewera gemu uku kakukuwa ndi kuseka ngati kaledzera.

"Iwe, ndalama ya amayi ukuthera katuni?" ndidamukalipira.

"Achimwene, ameneyu si katuni wamba. Kuseri kwakeko kuli munthu weniweni, ndipo akuyankhula pompano ali ku Japan. Inetu ndikuphunzira Chijapani."

Ndidaseka. Koma atayamba kundiuza zomwe kamtsikanako kankanena, apa ndi apo, kuseka kudandithera. Nkhaniyi ndayitsata kwa masabata angapo, ndipo ndati ndikutulireni inu a pamsika, poti ndalama ya bandulo yomwe ana akuonerayi imachokera pa mfundo ya chitenje chanu.

Chidole chili ndi mwini wake

Zidole zoyankhulazi amazitcha ma VTuber. Kachitidwe kake nkotere: munthu amakhala m'chipinda kutsogolo kwa kamera ndi kompyuta. Akatsegula pakamwa, chidole nacho chimatsegula. Akaphethira, nacho chiphethira. Mawu ndi ake, nthabwala ndi zake, koma nkhope yake simuiona ndipo dzina lake lenileni amalibisa. Ife a Gule Wamkulu tisadabwe kwambiri apa, zobisa mwini wa chigoba tidaziyamba kalekale.

Yemwe adatchukitsa zimenezi ndi chidole chotchedwa Kizuna AI, chomwe chidayamba kuoneka pa YouTube kumapeto kwa 2016. Lero geni imeneyi yagwidwa kwambiri ndi makampani awiri a ku Tokyo: Cover, yomwe ili ndi gulu la Hololive, ndi Anycolor, mwini wa gulu la Nijisanji. Ndipo si geni ya masewera. Anycolor idalowa pa msika wa masheya wa ku Tokyo mu 2022, Cover idatsatira mu 2023. Kalulu wa mphwanga uja dzina lake ndi Usada Pekora, wa ku Hololive, adayamba mu 2019.

Ndalama amazipeza bwanji? Njira imodzi ndi yotchedwa Super Chat. Chidole chikamacheza, oonera amalemba mauthenga pambali, ndipo amene akufuna kuti wake uoneke bwino ndi kuwerengedwa amalipira. Ku Japan munthu atha kuponya mpaka ma yen 50,000 pa uthenga umodzi. Kufupa ngati pa chinkhoswe, kungoti pano YouTube imayamba yatapapo 30 pa 100 iliyonse, kampani nayo idyepo, zotsala ndiye za woyankhulayo. Chidolecho nachonso ndi katundu wa kampani. Munthu akasiya ntchito, amasiya ndi chigoba chomwe. Gawr Gura, yemwe ankayankhula Chingerezi ndipo anali ndi omutsata oposa 4 miliyoni, adatsanzika mu Meyi 2025 atanena yekha kuti sakugwirizana ndi akuluakulu a kampani. Mphwanga ati anzake ena adakhala ngati pagwa maliro.

Mkangano wa pa khonde

Ndisakunamizeni kuti Chinsapo yense wayamba Chijapani. Gulu la mphwangali ndi la ana owerengeka, mmodzi wa ku Kawale, awiri a ku Area 23, wina mtsikana wa ku Area 25 yemwe bambo ake ndi makaniko. Ambiri adayambira pa makatuni a Naruto ndi One Piece omwe amakatenga kwa anyamata obena nyimbo ndi mafilimu. Amakumana Loweruka, kugawana mavidiyo pafoni kuti bandulo isathere mmodzi. Zoonera pompopompo zimawavuta, chifukwa nthawi ya ku Japan ili patsogolo ndi maola 7. Chidole chikayamba kucheza 8 koloko usiku ku Tokyo, kuno imakhala 1 koloko masana, mwana akuyenera kukhala ali m'kalasi. Makolo, mfundo iyi muisunge.

Loweruka lina ndidakhala nawo, ndipo mkangano wawo udali wofanana ndi womwe uli pakati pa ophunzira Chijapani dziko lonse. Mbali ina ikuti buku n'kutaya nthawi. Ingomvera, ingoonera, m'mawa, masana, usiku, ngakhale usakumva kanthu, ndipo mawu omasulira a Chingerezi olembedwa m'munsi aja uzimitse. Tsiku lina makutu adzatseguka okha ngati a khanda. Ameneyu ndiye mphwanga. Mbali inayo, yotsogozedwa ndi mtsikana wa ku Area 25 uja, ikuti kumvera zomwe sukumva n'chimodzimodzi kumvera mvula pa malata. Yamba waphunzira zilembo ndi kamangidwe ka ziganizo, kenaka uzionera.

A mbali ya mphwanga ali ndi ngwazi yawo, mnyamata wochokera ku Kenya wodzitcha Khatzumoto, yemwe adalemba pa intaneti kuti adaphunzira Chijapani m'miyezi 18 ali pa sukulu ku America, pongodzizunguliza ndi chiyankhulocho tsiku lonse, mpaka adakapeza ntchito ku Tokyo. Njira yakeyo adaitcha All Japanese All The Time, kutanthauza Chijapani chokhachokha nthawi zonse. Amatchulanso katswiri wa ziyankhulo wa ku America, Stephen Krashen, yemwe m'zaka za m'ma 1980 adaphunzitsa kuti chiyankhulo chimalowa m'mutu munthu akamamva kapena kuwerenga zinthu zomwe akuzimvetsa, zongopitirira pang'ono pomwe iye wafika.

Pamenepo mtsikana uja adawagwira pakhosi. Ati mwamva bwino? Mkuluyo adati zomwe UKUZIMVETSA. Kalulu wanuyu akamakuwa mothamanga chonchi, inu mumamvapo zingati?

Ndidafufuza, ndipo pali katswiri winanso, mayi wa ku Canada, Merrill Swain. Iye adaunika ana omwe ankaphunzira maphunziro onse m'Chifalansa kwa zaka zambiri. Kumva ankamva bwino zedi, koma poyankhula ndi polemba ankaphonyabe. Mu 1985 adalemba kuti kumva kokha sikukwanira, munthu ayenera kukakamizika kuyankha.

Inu mudaphunzira bwanji Chiswahili?

Apa ndiye ndidaona kuti nkhaniyi si yachilendo kwa inu. Amayi a geni omwe mumakwera basi kupita ku Dar es Salaam kukapikula zitenje ndi nsapato ku Kariakoo, ndani adakulembetsani sukulu ya Chiswahili? Ulendo woyamba mudaloza ndi chala. Wachiwiri mudadziwa kufunsa kuti bei gani. Wachitatu mudayamba kukangana kuti punguza, ndipo lero mumatha kutukwanizana ndi kondakitala pa Kasumulu osapuma. Anyamata a ku Joni amabwerako ndi Chizulu. Agogo athu a Wenela ndi Theba adabwerako ku migodi ndi Chilapalapa pakamwa, ena mwa iwo asadapondeko m'kalasi. Ngakhale ife a m'badwo wa video show, Chingerezi china tidachitolera pa benchi tikuonera Rambo, mafilimu asadayambe kuthiridwa Chichewa.

Tsono mwana akati akuphunzira pomvera, sakunama. Njirayi imagwira, ndipo mboni ndinu.

Koma pali kusiyana kumodzi komwe ine ndikuona kuti n'kwakukulu. Mayi wa ku Kariakoo akapanda kuyankha, amugulitsa chitenje pa mtengo wowirikiza, mpamba uthe. Agogo akapanda kumva kapitawo pansi pa mgodi, thanthwe liwagwera. Chiyankhulo chidawalowa chifukwa panali mimba ndi moyo. Chidole cha pa foni sichidikira yankho lako. Umve usamve, icho chingopitiriza kuseka. Mwana atha kukhala nacho maola atatu, n'kudzinamiza kuti waphunzira, pomwe wangosangalala basi.

Chinanso ndi mtundu wa Chijapani chomwe akutolacho. Ajapani pa ulemu ndi anzathu, mwinanso kutiposa. Monga ife timasiyanitsa iwe ndi inu, iwo ali ndi kayankhulidwe ka kwa mnzako, ka kwa mlendo ndi ka kwa abwana, mpaka aneni amasintha. Zidole ndi makatuni zimakonda cha pa bawo. Liwu loti omae, lomwe limamveka kwambiri m'makatuni a ndewu, ndi iwe wamwano. Kalulu uja ali ndi chizolowezi chake chomaliza ziganizo ndi mawu oti peko, omwe ndi nthabwala yake chabe. Ndilo liwu lomwe mayi ankalimva usiku lija. Tangoganizani mzungu ataphunzira Chichewa kwa oitanira minibasi pa depoti, kenaka n'kukapereka moni kwa apongozi.

Chophweka pakamwa, chowawa pa pepala

Chomwe chidandidabwitsa n'chakuti Chijapani chimakhala bwino pa lilime la Mmalawi. Chili ndi a, e, i, o, u basi ngati Chichewa, ndipo pafupifupi mphatikizo uliwonse umathera pa zilembo zimenezi. Ngakhale vuto lathu lija losokoneza l ndi r, kumeneko si vuto, iwonso ali ndi liwu limodzi la pakatikati. Tayesani kunena arigatou, ndiye zikomo ameneyo, kapena ikura desu ka, kufunsa kuti ndi zingati. Mwatha kale.

Mawu ena amachita kuseketsa. Mizu kwa iwo ndi madzi. Ima ndiye kuti tsopano. Uma ndi hatchi. Ndipo galimoto amati kuruma, zomwe aliyense amene adagulapo petulo chaka chino angavomereze kuti dzinalo adalitcha bwino.

Msampha uli pa kulemba. Ali ndi mitundu itatu ya zilembo ndipo amaisakaniza m'chiganizo chimodzi. Hiragana ili ndi zilembo 46, katakana 46. Izi mwana wakhama amaziloweza m'masabata ochepa. Koma pali kanji, zilembo zochokera ku China, zomwe boma la Japan lidaika pa mndandanda wa zogwiritsa ntchito tsiku ndi tsiku zokwana 2,136, ndipo chimodzi chitha kuwerengedwa m'njira ziwiri kapena kuposa. Izi sizilowa pomvera, ngakhale utagona ndi foni kukhutu. Sukulu ya boma la America yophunzitsa akazembe ake ziyankhulo imaika Chijapani m'gulu la zovuta kwambiri, ndipo imawerengera maola 2,200 a m'kalasi. Tiwerengere limodzi: maola awiri tsiku lililonse, osajomba, ndi masiku 1,100. Zaka zitatu zimenezo. Aliyense wouza mwana wanu kuti miyezi itatu akhala atatha ndi tambwali.

Nanga n'chadyedwe?

Funso la mayi anga linali limodzi: Chijapanicho adzadya? MANEB silemba mayeso a Chijapani, ndipo mwana akalephera Chingerezi satifiketi ya MSCE palibe. Mapanga awiri avumbwitsa. Funsoli n'lomveka, ndipo lidandipititsa ku Biwi Triangle, kumene magalaja ndi mashopu a zipangizo za galimoto adaunjikana.

Kunena zoona, Chijapani chili kale pakati pathu, kungoti sitichitchera khutu. Onani pamsewu: Sienta, Probox, Vitz, Freed, Hiace. Zambiri ndi zogwiritsidwapo kale ntchito ku Japan, kumene amayenda kumanzere ngati ife, ndipo kuyezetsa galimoto yakale kumawadyera ndalama zambiri mwakuti amangoigulitsa. Zimatsika pa doko ngati la Dar es Salaam n'kulowa pa Songwe. Geni imeneyi idakula mpaka timu ya Manoma idakhala zaka zingapo ikutchedwa Be Forward Wanderers, dzina la kampani ya ku Japan yogulitsa magalimoto oterewa.

Inu a taxi, mukaliza galimoto m'mawa pamamveka mawu a mayi akuyankhula. Ena mumati akukupatsani moni, ena mumati akupemphera. Kawirikawiri mayiyo amakhala akudandaula kuti simudalowetse khadi ya ETC, yolipirira misewu ya ku Japan, monga timalipira pa Chingeni ndi pa Kalinyeke. Wailesi nayo ikamakana kugwira masiteshoni ena si kuti yafa. Mawailesi a ku Japan amayambira pa 76 ndipo ambiri akale amalekezera pa 90, pomwe athu amafika 108, n'chifukwa chake amakaniko amaikamo kachipangizo kowonjezera.

Ndiye pali galasi la pa dashibodi lija lodzaza ndi zilembo zonga mapazi a nkhuku. Chinsinsi n'chakuti mawu ambiri a za galimoto Ajapani adabwereka ku Chingerezi monga tidachitira ife, ndipo amawalemba mu katakana. Ife timati injini, iwo enjin. Ife buleki, iwo bureeki. Tayala ndi taiya, oilo ndi oiru, batire ndi batterii. Makaniko woloweza zilembo 46 zokha atha kuwerenga zambiri pa galasi limenelo.

Pomwe pali ndalama yeniyeni ndi pa pepala la okushoni. Galimoto ikamagulitsidwa pa okushoni ku Japan, woyendera amalemba pepala lofotokoza matenda ake onse. Chilembo A pa chithunzi cha galimoto ndi pokalika, U ndi pophwanyika molowa m'kati, XX ndiye kuti chitsulo cha pamenepo chidasinthidwa. Giredi ikakhala R, galimotoyo idakonzedwapo mafupa ake, kawirikawiri chifukwa cha ngozi. Chaka nachonso amawerenga potsata ufumu wa mfumu yawo. H ndi nyengo ya Heisei, yomwe idayamba mu 1989 n'kutha mu 2019, ndiye muwonjezere 1988: H22 ndi 2010. Nyengo ya tsopano ndi Reiwa, muwonjezere 2018. Wogulitsa akakuuzani kuti galimoto ndi ya 2014 pomwe pepala likuti H22, wakudyerani zaka zinayi masanasana.

Wina anena kuti foni imamasulira yokha ukaloza kamera pa pepala. Zoona, ndipo imathandiza. Koma ndemanga za woyendera zambiri zimakhala zolemba pamanja mothamanga, ndipo pamenepo foni imabwebweta.

Kupatula magalimoto, pali Ajapani enieni. Bungwe la JICA lidayamba kutumiza achinyamata ongodzipereka kuno mu 1971, ndipo abwera oposa 1,800, kugwira ntchito m'sukulu, m'zipatala ndi ku ulimi. Mudawaonapo akugula bonya pamsika akuyankhula Chichewa kapena Chitumbuka. Iwowa amayamba aphunzitsidwa kaye m'kalasi, kenaka n'kuponyedwa pakati pa anthu kumene sangachitire mwina koma kuyankha. Ofesi ya kazembe wa Japan idatsegulidwa mu Lilongwe mu 2008, ndipo imalengeza za mwayi wa maphunziro olipiriridwa ndi boma lawo otchedwa MEXT. Kumeneko chomwe amayang'ana poyamba ndi magiredi a kusukulu, osati kuchuluka kwa zidole zomwe mwana amazidziwa maina. Palinso mayeso a dziko lonse a chiyankhulochi otchedwa JLPT, oyambira pa N5 kukafika pa N1 yomwe ndi yovuta kwambiri, ndipo kuno ku Africa amalembedwa m'mizinda ngati Nairobi ndi Johannesburg. Pepala limenelo ndilo abwana a ku Japan amalikhulupirira.

Mayeso a pa galaja

Ndidaganiza zomuyesa mphwanga. Ndidamutenga pamodzi ndi mtsikana wa ku Area 25 uja kupita ku galaja ya mnzanga wina, komwe kudali Sienta yongofika kumene, mwini wake akufuna kukonza wotchi ndi kuzimitsa mayi woyankhula uja.

Mayiyo atayankhula, mphwanga adamva msanga, adatola liwu loti kaado, khadi, ndi loti palibe. Makutu ali nawo ndithu, kalulu adagwira ntchito yake. Koma atamuonetsa galasi la pa dashibodi adangoti kukamwa yasa. Miyezi isanu ndi itatu ya bandulo, kuwerenga osatha. Mtsikana uja, yemwe mawu a mayiyo adamudutsa, ndi amene adawerenga zilembozo chimodzichimodzi, pang'onopang'ono ngati mwana wa Sitandade 1, mpaka adapeza pokonzera wotchi. Mwini galimoto adawapatsa ya fanta kuti agawane. Pobwerera onse awiri adali chete mu minibasi, aliyense akuganiza zake.

Kwathu tidamangana chonchi. Bandulo ndi ya Loweruka ndi Lamlungu basi. Nthawi ya sukulu foni imatsala ndi mayi kumsika. Ndalama yofupa chidole asayerekeze n'komwe, kwacha yake iti, yomwe idagwa ndi 44 pa 100 iliyonse mu Novembala 2023? Ndidamugulira kope la masamba 80 kuti azilembamo zilembo ndi mawu khumi atsopano pa vidiyo iliyonse yomwe waonera, ndipo Loweruka akakumana ndi anzake aja, theka la ola aziyankhulana m'Chijapani chokhachokha, chothyokathyoka chomwecho. Chingerezi kapena masamu zikatsika pa lipoti la teremu ino, kalulu apita ku tchuthi. Adang'ung'udza, koma hiragana wayimaliza ndipo ali pakati pa katakana.

Mayi adakhulupirira kuti mwana wawo sadapenge, ngakhale kwa sing'anga kuja ati akadapitabe kukangotsimikiza. Lamlungu lapitali akusankha tomato wa mawa lake pa mphasa, adamuitana.

"Tabwera kuno iwe wa ku Japan. Anyezi amati chiyani kwanuko?"

"Tamanegi, amayi."

"Nanga tomato?"

Mnyamata adakanda m'mutu. "Tomato, amayi."

"Ndikuti m'Chijapani."

"Ndi tomato yemweyo."

Mayi adamuyang'ana nthawi yaitali, kenaka adatembenukira kwa ine. "Ndiye bandulo yonse ija kuti akamve kuti tomato ndi tomato? Akadangondifunsa ine. Tanyamula dengulo ulowetse m'nyumba."